Chitenje cha Nkhanga Chija Chinadulidwa

Upper Hill, Nairobi
2 Sepitembala 2003

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko ku Zomba? Mwendo uja unasiya kukuvutani? Nanga amayi akupeza bwanji? Kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatikhaulitsa.

Mwana wanu Tupochile wabwerako Loweruka ku kampu ya atsikana ku Kitengela, kumene anakhala milungu itatu. Mukudziwa mmene wakhalira chimwalirireni mayi ake. Kudya mwakachetechete, kuyankha ndi mutu, basi. Chaka chonse ndakhala ngati ndikusunga mlendo. Mnzanga wa ku ofesi atandiuza za kampuyo, ndinati bola akaoneko anzake.

Achimwene, anthu aja amadziwa kulera! Belu limalira hafu faifi, atsikana onse n'kutuluka kukaimba panja, mphepo ya kumeneko ikuwaza fumbi. Akatero ayale mabedi, amwe tiyi ndi mandazi, ena kukatunga madzi, ena kuthirira timitengo. Masana amayi achimasai amabwera kudzawaphunzitsa kutunga mikanda, madzulo ndi mpira wamanja. Tupo wathu, amene kwathu kuno amanyansidwa ndi githeri, chimanga chophika ndi nyemba chija, akuti ankapempha kuwonjezera.

Wowayang'anira ndi mayi Lorna, munthu wamfupi, wosakalipa. Akapeza bedi loyalidwa mwaulesi, amaliyala okha mwini wake akuonerera, uku akuimba kanyimbo. Manyazi akewo, palibe amabwereza. Ine ndinawagomera mayi amenewa.

Tsono nkhani yeniyeni nayi, ndipo ndazengereza masiku atatu kuti ndiilembe.

Pa zinthu zimene anati mwana atenge panali bulangete, mbale, tochi ndi nsalu ya kwawo. Ine ndinaganiza kuti nsaluyo n'njovala povina. Zanga zonse n'zogula konkuno, ndipo sindinafune kuti Mmalawi akachite manyazi pamaso pa ana a ku Uganda ndi a kuno. Matama anga! Ndinatsegula sutukesi n'kutulutsa chitenje cha malemu alamu anga a Jean, chobiriwira cha nkhanga chija, chimene ankaberekera Tupo. Chomwe chija munandipatsa n'kunena kuti chisatuluke mpaka Tupo adzabereke wake. Ndinati chikangovalidwa kamodzi chibwerera m'malo mwake inu osadziwa.

Tsiku lotsekera makolo tinakhala pansi pa mitengo yaminga. Atsikana akuluakulu anayamba ndi kuperekera chakudya kwa ang'onoang'ono, monga mwa mwambo wawo. Kenaka anabweretsa chimbendera chachikulu chazigambazigamba, chosokedwa kwa zaka khumi ndi chimodzi. Apo m'pamene ndinamva kuti mtsikana aliyense amadula kachidutswa ngati chikhatho pa nsalu ya kwawo, n'kukasokerera yekha, n'kunena mwini nsaluyo.

Nditaona sizasi ikuzungulira, ndinadzuka kuti ndikamuletse Tupo. Mayi Lorna anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti ana onse anauzidwa za mwambowu tsiku loyamba. Anati ataona kuti Tupo amagona atachikumbatira chitenjecho, anamupatsa nsalu ina kawiri konse, iye n'kukana. Anandipempha ndikhale pansi ndimumve kaye.

Achimwene, mwana uja anaimirira pamaso pa atsikana makumi asanu ndi awiri ndi makolo awo, n'kulankhula mokweza, osanjenjemera. Anati nsaluyi ndi imene inamunyamula ali khanda. Anati mwini wake anali a Jean, mphunzitsi, amene ankakonda kuimba akamasita, ndipo anamwalira chaka chatha. Anati akufuna kagawo ka mayi ake katsale pamalo pamene atsikana amaimba m'mawa uliwonse. Atatero anadula.

Chichitikireni maliro, aka kanali koyamba kumumva akutchula dzina la mayi ake. Ndinalira ngati mwana, kanyamulidwe kanga ka ku ofesi konse kuiwalika. Pobwerera mumatatu, minibasi ya kuno, Tupo anandilongolorera njira yonse mpaka makutu kuwawa, ine n'kumangoti Ambuye zikomo.

Komabe ndinaphwanya mawu anu, ndipo chitenjecho sichilinso chathunthu. Wolakwa ndine. Ngati pali kukalipa, kalipirani ine mlongo wanu, mwanayo ayi.

China n'chakuti anadula kawiri. Chidutswa chachiwiricho wachipinda m'mphepete ndi manja ake, ndipo ndi chimene mwachipeza muenivelopumu. Akuti inunso munatsala opanda kanthu ka mayi ake, popeza zovala zonse zinagawidwa kwa achibale.

Dzulo wandifunsa ngati adadi akwiye. Ndamuuza zoona, kuti sindikudziwa. Chonde muyankheni mwini wakeyo, ndipo musachedwe, chifukwa ndikangolowa kuchokera ku ntchito amayamba wayang'ana m'manja mwangamu ngati muli kalata.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi kwa a Sylvester ndi banja lawo. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu wopalamula,
Flossie