Mkazi Mnzanga Wamwa Madzi

Lachiwiri, 15 Okutobala 1996

Webster, woyendetsa katapila wathu, chimakina chokumba ngalande, pakhomo cha m'ma 11, kofia ya amuna anga a Nassoro ili m'manja. Ine ndikusankha nyemba. Anangoti, "Amai, ba bosi batisiya." Matenda a mtima. Akuti anakhala pamthunzi wa katapilayo kuti apume, sipanala pamwendo, osadzukanso. Aikidwa lero lomwe dzuwa lisanalowe, monga mwa Chisilamu chathu. Zaka 27 m'nyumba imodzi. Nyemba zikadali m'lichero.

Loweruka, 19 Okutobala

Anthu abalalika. Nusra, mwana wathu, wabwerera ku Ndola kwa ana ake. Ndayamba eda: miyezi inayi ndi masiku khumi mkazi wamasiye osatuluka pampanda. Ena amati ndende. Ine wa mashelefu atatu a mabuku sindidandaula.

Ba Exildah oyandikana nafe, Akatolika enieni, ndiwo anayendetsa maliro. Kuphika, kutunga, kuwaza madzi pabwalo kuti fumbi la Okutobala lisatsamwitse olira. Zigubu zonse za pakhomo zinagwira ntchito.

Pawindo ndikuona mkono wa katapila kumapeto kwa msewu, uli chiweramire. Kampani ya boma imene a Nassoro ankagwirako ntchito itatsekedwa mu 1994, anzawo analandira makalata, iwo anabwera ndi chimakina chakufa ichi, n'kuchiukitsa. Ndinkachitcha mkazi mnzanga. Chinkadya bwino kuposa ine, chinkasisitidwanso kuposa ine.

Ngalande imene ankakumba yatsala mamita 200. Kuno ku Kanyama ndi pathanthwe, madzi salowa pansi. Chaka chatha anafika m'mawondo muno m'nyumba, shelefu yapansi yonse inawola. Nyumba makumi anayi za mzere uno zikudalira ngalande imeneyi mvula isanagwe.

Lolemba, 21 Okutobala

Webster waliza injini. Ndinamva ndili kukhitchini, ndipo ndinadziwa nthawi yomweyo kuti si mawu ake a masiku onse. Kulira kosongoka, ngati mphaka wopondedwa. Mkono ukukwera monjenjemera, kuima, kukweranso. Ndowa yake yosatha kunyamula ngakhale dothi la wilibala.

Wabwera pawindo thukuta lili kamukamu. "Amai, iyi mashini ilila bene bake. Siifuna ine." Bambo wa ana asanu, wa ndevu zaimvi, maso ali jenjenje! Ndinamuuza kuti mkazi mnzangayo akafuna kulira abwere tikhale eda limodzi, mphasa ilipo. Anaseka. Inenso, koyamba.

Ndamuletsa kulizanso.

Lachitatu, 23 Okutobala

Komiti ya mzere wathu yaitana ba Chilekwa, makaniko wa ku Matero. Webster akuti anamvera kwa mphindi imodzi, manja m'thumba. Kenaka anabwera kudzandiuza kuseri kwa katani: "Ni pampu, mayo. Yafa. Tiichose, iyende ku Kitwe." Milungu isanu. Mvula sidikira milungu isanu.

A Nassoro ankati pampu ili ngati mlendo m'mudzi, chikasowa chinthu amayamba kuloza iye. Ankati yamba ndi zimene sizifuna sipanala.

Ndapempha masiku atatu. Ba Chilekwa anatsokomola mwaulemu. Ine mphunzitsi wopuma wa Giredi 6 kuphunzitsa makaniko!

Ndatsitsa buku la makinawo. Chikuto chamafuta, tsamba 88 lili ndi chala chawo chakuda. Chingerezi chinkawavuta, ndiye Lamlungu lililonse masana ine ndinkawerenga mokweza, iwo maso ali chitsinzinire, manja akumasula maboti mumlengalenga. Ndinkati ndikuwononga mawu anga pa mavalavu m'malo mwa ndakatulo. Sindinadziwe kuti zikulowa.

Ndanunkhiza tsambalo. Basi, lero ndalekera pomwepa.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ofesi yanga ndi windo. Ine kulamula, Webster kuthamanga, njinga yake ikulira kuposa katapila.

Mulingo wa oyilo m'thanki: wokwanira, wapitirira pang'ono. Paipi yokokera oyilo kupita ku pampu: yosang'ambika, zomangira zolimba. Sefa ya m'thanki: yoyera. Ndamuchenjeza ngati mmene ankachitira eni ake: mkono utsike pansi kaye, mphamvu ithe m'mapaipi, ndipo pofuna podontha agwiritse katoni, osati dzanja. Oyilo wopanikizika amaboola khungu ngati singano. Anati, "Mukamba monga beve." Ndinayang'ana kumbali.

Pomaliza ndinati andibweretsere oyilo m'botolo. Wabwera. Oyilo wabwino amaoneka ngati uchi. Uyu ngati tiyi wamkaka wa pa sitolo ya ku Misisi. Buku likuti zinthu ziwiri zimatero, mpweya kapena madzi. Mpweya umachoka wokha botolo likakhala. Ndaliika pawindo pafupi ndi tsabola wanga.

Mitambo kumpoto. Ba Exildah ayamba kale kukweza matilesi pa njerwa. Inenso mabuku a pashelefu yapansi ndawakweza.

Lachisanu, 25 Okutobala

Botolo likadali tiyi. Pansi pake kamzere koyera.

Mbaula, supuni yanga yakale, madontho atatu. A Nassoro anandiwonongera supuni zinayi motere ndipo ndinkakalipa nthawi zonse. Oyilo wouma amangofuka utsi chete. Uyu: tha! tha! tha! ngati chimanga chokazinga. Madzi.

Koma alowa bwanji? Mvula sinagwe chiyambire Epulo. Chivindikiro cha thanki n'cholimba. Webster analumbira pa mayi ake kuti sanachite kanthu, anangowonjezera oyilo Lolemba m'mawa, wa m'chigubu chachikasu cha bosi, chimene palibe amene ankaloledwa kuchikhudza. Anatsegula, anaona oyilo pamwamba, anathira chonse.

Ndinakhala pansi. Tsiku la maliro ba Exildah anandinong'oneza, atanyamula chigubu chachikasu: "Bana Nusra, ichi chili na tumafuta pansi, koma ni va kuwaza chabe, titapilemo?" Ndinagwedeza mutu. Tsiku limenelo akanapempha denga ndikanavomera. Anawaza theka, n'kuchibwezera pamalo pake bwinobwino, chotseka. Oyilo wotsalayo anayandama pamwamba.

Ndiye kuti ndine ndinamwetsa mkazi mnzanga madzi a pamaliro a mwamuna wathu. Ndinaseka mpaka chifuwa. Nditawauza, ba Exildah anafunda chitenje kumaso: "Mayo ine, napaya katapila!" Webster anakhumudwa pang'ono kuti makinawo sankalira ndi chisoni.

Pambuyo pake ndinalira ndithu, supuni ili m'manja.

Loweruka, 26 Okutobala

Diramu la oyilo losatsegula lili kuseri kwa bafa, fyuluta yatsopano m'katoni pansi pa bedi. Munthu uja ankabisa zosinthira ngati mmene ena amabisira makalata achibwenzi.

Ba Chilekwa abwera okha, osaitanidwa. Anati aone supuniyo. Ndinabwereza. Anavula chipewa, n'kuvala ovolosi. Ndi munthu wabwino, anangofulumira.

Akhuthula thanki, madzi anayamba kutuluka pansi asanabwere tiyi uja. Akhuthula mapaipi ndi masilinda, apukuta mkati mwa thanki, athira oyilo watsopano kudzera pansalu yoyera, ayendetsa mkono pang'onopang'ono wopanda katundu, akhuthulanso, kenaka fyuluta. Tsiku lonse. Ine uthenga wokhawokha ndi mabotolo. Botolo lachitatu pasupuni: utsi, chete.

Mantha otsala: kodi madziwo anaikanda pampu? Ba Chilekwa akuti inalira ola limodzi lokha, tiona ikagwira thanthwe.

Ba Exildah alemba ndi penti pachigubu: OSAGWILA.

Lolemba, 28 Okutobala

7 koloko m'mawa. Mawu akale aja, onenepa, osathamanga. Mkono unakwera kamodzi n'kamodzi, osanjenjemera. Ndowa inaluma, inadzaza, inatembenuka. Ana a mzere wonse kukuwa.

Ndinatembenukira kumpando wa a Nassoro ndi kunena mokweza, "Mwamva?"

Mpando.

Webster madzulo, fumbi mpaka m'makutu: mamita 30. Akuti anagwira thanki ndi dzanja monga ankachitira bosi, yofunda bwino, yosawotcha. Ndamupatsa tiyi wopanda mkaka. Anati wamkaka sadzamwanso chaka chino.

Lachinayi, 7 Novembala

Yagwa. Kuyambira 2 koloko masana, yamatalala, denga ngati ng'oma. Ndinakhala pamphasa kuyang'ana pansi pa chitseko, buku la makina lili pamwendo, ndili wokonzeka kulikweza. Madzi anafika pa sitepe yoyamba, anaima, anabwerera.

Ngalande sindinaione, ndipo sindiiona mpaka Febuluwale. Ba Exildah anabwera atanyowa chonyowa kudzandiuza kuti ikuthamanga ngati Kafue, yatenga kale nsapato ya tcheyamani wa komiti. Ba Chilekwa atumiza funso papepala, za giredala ina ya ku Chazanga imene chiwongolero chake chikulimba ikatentha. Akuti ndione m'buku. Ndiona mawa.

Mabuku ndabwezera pashelefu yapansi.

Chatsala: kofia pamsomali, oyilo pang'ono m'diramu, supuni yakuda imene sinditsuka, masiku 107. Pansi m'nyumba ndi pouma.