Pansiti Wosadula wa Tatay Dado

Diosdado Gallego, mlimi wa mango wa pachilumba cha Guimaras

Tatay, bambo athu, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Mitengo yanu yaberekanso, ndipo mango tikuwakulunga m'mapepala monga munatiphunzitsira, ngakhale kuti mwana wanu Jomar akupindabe mokhota muja munkamusekera.

Timakumbukira mmene munkawolokera pa boti kupita ku Iloilo kukabayitsa jakisoni wa khansa ya prositeti, uja wotsitsa mahomoni achimuna. Ankakutenthetsani thupi mpaka thukuta kamukamu, inu n'kumawalanda Nanay chokupizira mphepo: "Perla, bweretsa kuno, nanenso ndafika pa msinkhu wakowu!" Amayi athuwo ankakunenani kuti nkhalamba yopanda manyazi, koma ankakukupizanibe.

Nambala ya PSA, ija amayeza m'magazi, ikatuluka yotsika, munkatiphikira nokha pansiti, chakudya cha tizingwe titalititali ta ufa, m'chiwaya chanu chakuda. Simunkalola munthu kudula tizingwe take, poti kutero n'kudula moyo. Ulendo womaliza nambalayo inatsika kuposa kale. Tinaitana anansi, mng'ono wanu Tito Nestor anabwera ndi gitala, inu n'kumamuzazira kuti akuimba ngati tambala wonyowa. Munadya pang'ono chabe, dzanja lili pamimba, ife n'kumati mwakhuta fungo la kukhitchini. Sitinadziwe kuti khansayo inali itasintha mtundu n'kukhala ija madokotala amati neuroendocrine, yosamva jakisoni uja komanso yosakweza nambala. Pamene ankaipeza m'chiwindi, mango a chaka chimenecho anali atangoyamba maluwa. Simunawalawe.

Chiyambire pamenepo Nanay anapachika chiwaya chija kuseri kwa chitseko. Ankati iwo ndiwo anakuonani mukukankha mbale, ndiye anayenera kukufunsani chimene chikukuvutani. Ngakhale pa masiku obadwa a adzukulu anu, pansiti sanaphikidwenso m'nyumba muno, ndipo palibe ankayerekeza kumutchula. Tito Nestor nayenso sanakhudzenso gitala.

Koma m'mawa uno, Tatay, tawapeza Nanay atachitsitsa chiwaya chija, akuchikwecha dzimbiri. Angonena kuti nambala ija inatinamiza, koma kuseka kwanu kwa tsiku lija sikunali kwabodza. Atuma Jomar kukauza Tito Nestor kuti abwere ndi gitala wake, tambala wonyowayo aimbenso.

Mbale yanu ya pansiti taiika pamalo panu, ndipo sitinadule kachingwe ndi kamodzi komwe. Dzina lanu silidzachoka pakamwa pathu.

Nanay Perla, Jomar, Marilou amene ndalemba, ndi adzukulu anu onse.