Pa 17 Sindilemba

Lachisanu, 11 Okutobala

Kutentha. Masuti mulu, anthu akukwatirana kwambiri. Simbi yaikulu ikudonthabe madzi, ndawauzanso bwana.

Wailesi ya m'mawa monga masiku onse: anthu otchuka amene anabadwa tsiku ngati lalero, amene anamwalira, nkhondo zimene zinatha. Ndimamvera ndikusita. Mayina ake sindiwagwira.

Madzulo mtsikana wanga wabwera kuchokera ku sikelo. Akukhala kwathu kuno, mwamuna wake ali kutali ndi thiraki. Magazi akuthamanga kwambiri, mwana wagona chopingasa. Adokotala akuti opaleshoni. Lachinayi, pa 17.

Mayi ake anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mbale.

Pa 17 Okutobala ndi pamene galimoto inagunda mlongo wake, mwana wanga wamwamuna mmodzi yekhayo. Zaka zapitapo ndithu. Nsapato zake zikadali kunsi kwa bedi.

Loweruka, 12 Okutobala

Kuntchito ndine ndimalemba timapepala tobaya pa zovala, tonena tsiku lodzatenga. Pa 17 sindilemba, kaya ndi mwezi uti. Ndimaika 16 kapena 18. Palibe kasitomala amene anadandaulapo. Anazindikira ndi Wamakina yekha, mnzanga wochapa. Anati, "Akulu, kalendala yanu njobooka ngati sokosi."

Likafika la Okutobala sindipita n'komwe kuntchito. Makatani otseka, wailesi yozimitsa, kukhala basi.

Ndiye chaka ndi chaka tsiku lomwelo keke, mabaluni, ana a eni akuimba m'nyumba muno? Sizikulowa m'mutu.

Kolala ya malaya oyera ndaibwereza. Sinagone bwino.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ndamuuza mtsikana wanga. Anakhala pakhonde, miyendo pa mpando, mapazi otupa. Ndinati awapemphe adokotala asunthe, Lachisanu pa 18. Tsiku limodzi lokha.

Anati, "Bambo, si suti iyi."

Mayi ake ali kukhitchini: "Asiyeni adokotala agwire ntchito yawo, inu muzigwira ya makolala."

Sindinakweze mawu. Ndinangonena kuti Lachinayi ine kuchipatala sindingafikeko, miyendo singalole. Mtsikana wanga anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso ake ndi a mlongo wake. Kenako anati chabwino, bambo.

Mtima sunapepuke. Sunalemerenso. Zii.

Lolemba, 14 Okutobala

Waimba foni kuchipatala. Wawauza kuti Lachinayi alibe womudikirira. Bodza limenelo ndamupatsa ndine, akuimba ndinaima pambali pake. Iwo akuti Lachisanu malo adzaza, Loweruka ndi Lamulungu amachita zadzidzidzi zokha. Amupatsa Lolemba, pa 21. Amuuza kuti akamva mutu kapena chizungulire athamange.

Ine ndimafuna tsiku limodzi. Kuntchito ukasuntha tsiku limodzi limakhala limodzi.

Mayi ake sakundiyankhula. Madzi osamba anaika, koma osayankhula.

Lachitatu, 16 Okutobala

Mphete yakana kuvuka pa chala cha mtsikana wanga, taichotsa ndi sopo. Nkhope nayo yatupa. Ndafunsa za mutu, akuti pang'ono chabe, ndi dzuwa. Ndafunsanso. Akuti, "Bambo, mwandifunsa kale."

Ndanena kuti mwina tiimbenso, tibwezere pakale. Ndanena motsitsa, ndili kuchipinda. Palibe anamva.

Kuntchito ndawauza kuti mawa kulibe ine. Bwana amadziwa. Wamakina anali atakweza wailesi, uja wa mayina akuwerenga akufa a lero. Anati, "Mwamva, akulu? Lero nalonso lili ndi maliro ake. Tikati tizidumpha onsewa tizigwira ntchito liti?" Anaseka yekha. Kenako anandipatsa theka la buledi wake.

Makatani ndatseka kale.

Lachisanu, 18 Okutobala

Dzulo sindinalembe.

M'mawa wa dzulolo mtsikana wanga anatuluka kuchipinda akugwira khoma. Anati ndimutsegulireko katani, sakuona bwino. Sindinadzuke msanga. Anagwa pafupi ndi tebulo, thupi lonse likugwedezeka, thovu kukamwa. Mayi ake kukuwa. Woyandikana nafe anabwera ndi galimoto. Ndinamunyamula ndine. Miyendo ija inalola.

Kuchipatala anamuthamangitsa pa kabedi kamatayala, chitseko n'kutsekeka. Nesi anafunsa chifukwa chake anasuntha tsiku limene anapatsidwa poyamba. Mayi ake anati, "Afunseni awa." Nesi sanadikire yankho.

Benchi yachitsulo. Mlonda wa pakhomo anali ndi kawailesi m'thumba la malaya. Pulogalamu ija. Chimwalirireni mwana wanga ndinali ndisanamvepo ya pa 17 Okutobala. Wakuti anabadwa, woimba. Wakuti anamwalira, msilikali. Kwinakwake anasainirana mtendere. Liwu lake lomwe lija la masiku onse, kenako zanyengo. Wanga sanamutchule. Ndimayembekeza chiyani kaya.

Mwana ndi wamkazi. Wamng'ono, koma akupuma yekha. Pa kamkono amumanga kalamba, alembapo 17 ndi bolopeni yabuluu. Seveni wake wopendama.

Mayi wa mwanayo sanadzuke. Ali m'chipinda cha odwala kwambiri, mapaipi m'mphuno. Akuti tidikire.

Loweruka, 19 Okutobala

Chimodzimodzi.

Mkamwini wafika, fumbi lokhalokha. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, akuti zikomo bambo pomuthamangira naye. Ndinamuuza za foni ija, zonse. Anachotsa manja. Sanatukwane. Bola akanatukwana.

Gauni ya nesi ili ndi khwinya kumsana. Ndaliyang'ana tsiku lonse.

Lolemba, 21 Okutobala

Lero ndilo linali tsiku limene anamupatsa.

Wadzuka dzulo masana. Lero atilola kulowa, mmodzimmodzi. Milomo youma, mawu ngati a munthu wa kutali. Diso lamanzere silikuona bwino, adokotala akuti mwina libwerera, mwina ayi.

Anafunsa za mwana. Ndinati ali bwino, akuyamwa m'kabotolo, ali ndi tsitsi lambiri.

Anati, "Wabadwa liti?"

Ndinati Lachinayi.

Anati, "Bambo, deti."

Ndinaitchula.

Anatseka maso, ndinayesa wagona. Ndikunyamuka anati, "Chaka chamawa makatani aja mutsegule. Akapanda kutsegulidwa sitibwera."

Nthawi inali itatha, mkamwini amadikira pakhomo.

Kunyumba ndakwera pa mpando, ndawachotsa onse. Fumbi lake, Mulungu yekha. Ndachapa pamanja, madzi oyamba akuda bii. Ali pa chingwe. Pabalaza pakuwala moti maso akuwawa, anthu odutsa mumsewu akuona mkati.

Mayi ake andifunsa ngati ndimwe tiyi.

Mawa ndisita. Zowapachikanso sindikudziwa.