Dzanja la Atelala

Lamlungu, 18 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno Amayi akupezako bwino, mwendo uja wasiya kutupa ndipo ayambanso kupita kukwaya. Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ndakuimbirani katatu kuti ndinene zimenezi, koma mukangoti “Pulofesa wathu, zikuyenda?” mawu amandithawa, ndiye ndimayamba kukamba za mvula.

Achimwene, galimoto yanu siili kugalaja monga ndinakuuzirani. Ili kupolisi, ino ndi sabata yachitatu.

Ndiyambe ndi ndalama ya inshuwalansi imene munatumiza mu Januwale. Sabata yomweyo ndinalandira kalata ya a ngongole ya sukulu, yoti ndikapanda kulipira miyezi isanu imene ndinatsalira, apita kwa Amalume amene anandisainira. Malipiro anga mukuwadziwa, kusitolo ya zomangira kuja kumene ndimalemba malisiti a simenti ndi misomali, digiri ili gone m’sutikesi. Ndinaganiza za Amalume akuwerenga kalata yotere pamaso pa akazi awo, basi ndinatenga ndalama yanu n’kukapereka kumeneko. Ndinadzinamiza kuti ndibweza mwezi wotsatira ndikanyamulako anthu Loweruka. Kapepala ka inshuwalansi ka pagalasi kamene ndinakujambulirani kanali ka chaka chatha, ndinangophimba deti ndi chala. Inu munayankha kuti, “Wakula mwana.”

Lachiwiri lina m’mawa, kumapeto kwa Epulo, ndinachedwa kuntchito. Pamphambano ya pafupi ndi msika ndinakhota maso ali pa foni, chifukwa abwana ankaimba kachiwiri. Ndinangomva phokoso. Nditatuluka ndinapeza njinga ili pansi pa bampala, nsalu za buluu zili mbwee mumsewu, ndi bambo wachikulire atakhala m’matope atagwira dzanja lake lamanja. Sanatukwane. Ankangoti, “Nditolereni nsalu, ndi za eni ake.”

Ndi atelala, amasokera pakhonde la sitolo ina kuseri kwa msika. Nsaluzo zinali za yunifolomu za ana makumi anayi. Dzanjalo linathyoka pawiri.

Wapolisi atabwera anaweramira pagalasi, n’kupukuta fumbi ndi chala, n’kuwerenga deti lija mokweza, anthu onse a pamsika akumva. Kenako anaona chiphaso changa choyendetsera galimoto n’kufunsa kuti, “Mumagwira ntchito yanji, mayi?”

Koma chimene chikundidya kwambiri ndi cha kuchipatala. Akazi awo a atelala anandipeza ndikulira pabenchi, n’kundigwira paphewa.

“Musalire mwananga, ngozi ndi ngozi. Paja anthu a galimoto mumakhala ndi inshuwalansi? Atithandiza amenewo.”

Ine ndinagwedeza mutu kuvomera, Achimwene. Masiku atatu athunthu ndinkapita ndi nthochi ndi sopo, iwo akundithokoza, akuuza odwala anzawo kuti anagundidwa ndi mwana waulemu. Tsiku lachinayi mayiwo anandifunsa kuti ofesi ya inshuwalansiyo ili kuti, akafulumizitse okha, poti a sukulu ayamba kufunsa za yunifolomu. Anali atavala kale nsapato. Pamenepo ndinagwada pambali pa bedi n’kunena zonse.

Mayiwo anavula nsapato zija pang’onopang’ono, osandiyang’ana. Kenako atelala anafunsa:

“Amati munaphunzira kuyunivesite?”

“Inde, bambo.”

“Za chiyani?”

“Zowerengera ndalama.”

“Ndiye kuti mumadziwa chimene mumachita.”

Ndikanakonda akanandimenya.

Pano anatuluka, dzanja lili m’chikhakha. Adokotala akuti zala ziwiri mwina sizidzapindikanso bwino pokhapokha atachitidwa opaleshoni ina, yolipira. Ntchito ya yunifolomu anaipereka kwa telala wina. Ndimapita kwawo ndikaweruka, ndimathandiza mayiwo kusoka mabatani ndi kupinda mipendero ya tintchito tochepa timene tatsala. Amandipatsa mpando, amandipatsa madzi, koma sanditchulanso kuti mwananga.

Mlandu uli pa 3 Juni. Wapolisi wati chindapusa chilipo, chiphaso mwina andilanda, ndipo zonse za atelala, chipatala, njinga, nsalu ndi miyezi imene akhale osasoka, zili pamutu panga. Chinanso n’chakuti dzina lanu lalembedwa papepala la mlandu, poti mwini galimoto ndinu. Dzina limene inu mwalisunga loyera zaka zonsezi mukutsuka mbale za anthu kumeneko kuti ine ndivale gauni.

Ndilibe nkhope yopemphera ndalama, ndipo sindikupempha. Ndikupempha chilolezo chogulitsa galimoto ikatuluka. Makanika wa pafupi ndi kwathu wapeza munthu woifuna ngakhale ili yophwanyika kutsogolo. Ndaika pepala m’kalata muno, musaine pamene ndachonga ndi pensulo. Ndikudziwa kuti munati mukadzabwera mudzatengera Amayi kumudzi pa galimoto yanuyanu. Ndidzakubwezerani, ngakhale zinditengere zaka khumi, koma sindikukakamizani kukhulupirira mawu anga pakali pano.

Amayi sakudziwa. Dzulo anandifunsa kuti makanikayo ndi waulesi bwanji, ndipo ndinaseka nawo. Ndiwauza Lachitatu tikachoka kuchipatala kokayezetsa mwendo. Chonde musawaimbire kaye, amve kuchokera pakamwa panga.

Mundiperekere moni kwa alamu. Muwauze nokha zimene mukuona kuti n’zoyenera. Ana muwapsompsone, ndipo wamkuluyo musamuuzenso kuti azilimbikira sukulu kuti adzafanane ndi azakhali ake. Amalume akupereka moni, akuti ndine mwana wosavutitsa.

Atelala nawonso anandifunsa kuti galimotoyo ndi ya yani. Nditawauza za inu, anati, “Mukawalembera muwapatse moni. Muwauze kuti ine ndilibe nawo chifukwa.” Ndiye landirani moni umenewo, Achimwene. Ndi wokhawo m’kalata muno umene ndikuupereka mutu uli chowerama.

Mukakhala chete ndimvetsa.

Ndine mlongo wanu,
chitsirizira cha Amayi