Chipsera cha Amalume pa Kasitima ka Ababa

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Bangwe tilipo, kungoti mtima sunakhale pansi.

Ndiyambe ndi zabwino. Achemwali a Lusiya anabereka mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Chimanga cha kuphiri chija chinachita bwino, koma akuba anatithyolera mbali ya kumunsi chisanaume.

Mutangopita, ababa anagwidwa ndi sitiroko. Mkono wamanja unafa, mawu satulukanso, amangoloza. Tsiku lonse amakhala akuyang'ana kasitima kaja anapanga ndi zitini ndi mawaya atapuma ntchito yoyendetsa sitima ku Limbe, kamene munkadandaula kuti kakutha malo a mbale pakabati. Mwezi watha anandikoka malaya n'kuloza m'kachipinda ka woyendetsa. Munalibe munthu. Ndinamva chimene ankafuna.

Ndinapempha zidutswa za mkungudza kwa kalipentala wa pamsika, n'kusema tianthu tinayi, kalikonse kutalika ngati chala changa chaching'ono. Utoto ndiwo unavuta. Masiku ano a zipani zambiri, ukafunsa wachikasu kapena wobiriwira, wogulitsa amayamba wakuyang'ana kaye kuti aone mbali yako. Ndinapeza wotsalira m'tizitini kwa bambo wina wolemba zikwangwani. Burashi ndinapanga ndi nthenga ya nkhuku.

Nditayala tianthuto patebulo, ababa anasankha kakatali kuti kakhale woyendetsa, kutanthauza iwo amene. Ndinakapaka ovololo ya buluu. Kenako anatenga kakafupi, ka mapewa otambalala, kuti kakhale wothira malasha. Ine ndimati ndingokapaka nkhope basi ndithane nako. Anandigwira dzanja, n'kudzikanda tsaya lamanzere kuchokera pakhutu mpaka pachibwano.

Amayi, ndinazindikira nthawi yomweyo. Chipsera chimenecho ndi cha mlongo wanu, amalume a Jailosi, chija anapsa ndi nthunzi akuthira malasha m'sitima ya ababa, inu musanakwatiwe. Simukudziwa zimene zinachitika pamaliro panu. Amalume anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti ababa ndiwo anakuphani pochedwa nanu kuchipatala. Chichokereni tsiku limenelo anali asanapondenso pano. Anangotumiza uthenga kuti Loweruka akubwera kudzatenga makina anu osokera ndi kudzakamba za nyumba ino, poti puloti inali m'dzina lanu.

Ndinakumbuka mawu anu aja, oti mkwiyo wa amalume ndi mbaula, osaukupiza. Mukuwadziwa anthu. Kachidole kokhala ndi nkhope ya munthu wamoyo amakatanthauzira zina. Ndinaopa kuti akakaona ayesa tikuwanyoza, mwinanso kuwalodza kumene. Koma ababa sanachotse maso pa ine. Ndinasakaniza wofiira ndi woyera, n'kujambula chipseracho ndi nsonga ya singano. Utoto utauma, ndinaika tianthuto m'kasitima.

Loweruka anabweradi, ali ndi amuna awiri akumudzi ndi wilibala. Moni sanapereke. Akulunjika kumakina, ababa anagogoda tebulo ndi ndodo. Amalume anatembenuka n'kuona kasitimako. Anatulutsa kamunthu kachipsera kaja, n'kukayandikiza kumaso. Ine ndinali chilili pakhomo, ndikudzifunsa kuti akakaponya pansi n'kukaponda, ndichita chiyani pamaso pa ababa.

"Wapanga ichi ndani?" anafunsa.

Ndinati ndine, koma osankha ndi ababa.

Anakayang'anitsitsa mpaka anzawo aja anayamba kuyang'anana. Kenako, osandiyang'ana n'komwe, anati, "Nanga fosholo ili kuti? Munthu angathire malasha ndi manja?" Anakabwezera pamalo pake pang'onopang'ono, pafupi ndi kaovololo ya buluu kaja, n'kuuza anzawowo kuti atsogole. Wilibala inabwerera yopanda kanthu.

Sanapepese, Amayi, ndipo za nyumba sananene kuti zatha. Potuluka anangoti abweranso mwezi ukatha. Kaya adzabwera okha, kaya ndi anthu aja, sindikudziwa. Ababa tsiku limenelo chakudya anangochiyang'ana.

Fosholoyo ndayamba kale kuidula pa kachitini ka nsomba. Ndikukulonjezani, kaya nkhaniyi itha bwanji, ababa sadzagona panja ine ndili moyo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanuwelo