Mtima wa Mwana Wanga Ukuthamanga Kuposa wa Hatchi

Aphungu,

Ndine bambo wa mwana mmodzi, ndimakhala ku Soche. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mundikhululukire nkhani yanga ikamakhotakhota. Mkazi wanga Sungeni wabereka kumsana mwana wathu Miriam, wa miyezi inayi, n'kupita kwa amayi ake ku Chirimba. Akuti sabwerera mpaka mutu wanga utakhazikika. Ine ndikuona kuti mutu wanga uli bwinobwino. Chimene sichili bwino ndi mtima wa mwanayo, koma palibe amene akufuna kundimvera.

Ndiyambe ndi ntchito yanga kuti mumvetse. Ndimasamala mahatchi a abwana anga a Nizam, amene ali ndi sitolo ya nsalu ku Limbe ndi munda njira ya ku Chileka. Si mahatchi ojambulitsa nawo zithunzi paukwati ayi. Ndi a mpikisano wa mtunda wautali, umene hatchi imathamanga tsiku lonse, ngati kuchoka pa Wenela kukafika ku Liwonde. Wokwera ndi mwana wawo wamkazi, Amna. Ine yanga ndi ya pansi: ndowa, siponji, udzu ndi ziboda.

Mpikisanowu uli ndi lamulo limene ndimalikonda. Hatchi ikathamanga chigawo chimodzi imaima, a vetenale n'kuiyeza. Amamvera mtima. Ukapanda kutsika kufika pa 64 pa mphindi imodzi, hatchiyo amaichotsa, kaya ili patsogolo, kaya mwini wake anabwera pa ndege yakeyake. Amaitsina khungu la pakhosi kuona ngati madzi sanathe m'thupi, amadina nkhama, amamvera m'mimba, kenako amati tiithamangitse pang'ono aone ngati ikutsimphina. Adokotala athu a vetenale, mayi Gertrude, anandiuza chifukwa chake. Anati, "Hatchi yabwino sidziwa kukana. Ukaiuza kuti thamanga, imathamanga mpaka kugwa. Ndiye oikanira ndife."

Zonsezi ndinaphunzira, mpaka abwana anandigulira chomvera mtima, chija madokotala amakoleka m'khosi. Hatchi yathu yotuwa, dzina lake Chiperoni, ikapuma bwino mtima wake umagunda 36. Ndimaudziwa kuposa nambala ya foni yanga.

Tsiku lina Lamulungu titaweruka kutchalitchi, Miriam anali mtulo pamphasa, amake akuchapa kuseri. Chomvera mtima chinali m'chikwama. Ndinati ndingomvako kamtima ka mwana wanga, mwachikondi basi. Aphungu, ndinawerenga 138. Ndinati wotchi yapenga. Ndinabwereka ya aneba. Ndinapeza 142.

Mwana ameneyu sanathamange kulikonse. Ngakhale kutembenuka yekha sanayambe. Chiperoni atati angoima m'khola ndi mtima wotero, mayi Gertrude angabwere atavala nsapato imodzi.

Ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinamutsina khungu pang'ono, linabwerera msanga. Nkhama zinali zofiirira bwino. M'mimba munkamveka ngati msika wa Limbe, ndiye kuti zikuyenda. Vuto linali mtima wokha. Hatchi ikatero timaithira madzi pakhosi n'kuiyendetsa pang'onopang'ono mpaka mtima utatsika. Ndinanyowetsa siponji, yatsopano, osati ya Chiperoni, ndinamupukuta pakhosi ndi kumsana, n'kuyamba kuzungulira naye nyumba. Analira kwambiri. Nditayezanso ndinapeza 160. Ndinaonjezera madzi.

Sungeni anatipeza ndili pa ndowa yachiwiri. Anakuwa kuti, "Abambo a Miriam! Mwana wanga mukumutsuka ngati minibasi?" Ndinamufotokozera za 64. Anandilanda mwana, n'kundiuza kuti 64 yo ndikamuuze Chiperoni, mwina iyeyo ndi amene angandiphikire.

Musati sindinayese njira za anthu. Tsiku la sikelo ndinapempha chilolezo kuntchito n'kupita nawo. Abambo ndinalipo ndekha pabenchi, amayi onse akugwirana m'nthiti. Mwana anamukoleka pa mbedza ngati nyama ya pabutchala, anamwino n'kuti, "Wanenepa bwino, wotsatira!" Ndinafunsa za mtima. Anati, "Bambo, akuyamwa? Akuseka? Ndiye vuto n'chiyani?" Zatha pomwepo. Aphungu, chiboda chimodzi cha Chiperoni chimayang'anidwa nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira mwana wanga yense.

Ndiye ndinaganiza kuti amuone munthu amene amadziwadi za mtima. Ndinauza Sungeni kuti, "Amake Miriam, Loweruka tiyeni mukaone kuntchito kwanga, mukapitidweko mphepo." Anasangalala. Analukitsa tsitsi, anavala chitenje chimene amasungira zikondwerero. Sindinamuuze kuti Lowerukalo ndi tsiku limene mayi Gertrude amabwera kudzayeza ziweto.

Titafika ndinamukhazika pamthunzi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, ine n'kunyamula mwana ngati ndikukamuonetsa abakha. Ndinaima pamzere. Kutsogolo kwanga kunali Chiperoni, kumbuyo kunali mlonda ndi galu wa abwana wodwala m'khutu. Nthawi yanga itakwana ndinati, "Adokotala, wamkazi, miyezi inayi, amadya bwino, koma mtima sutsika." Anayang'ana uku ndi uku kufuna hatchi. Ataona Miriam anaseka mpaka anakhala pa mtolo wa udzu. Anati, "Achimwene, ameneyu ndi wa miyendo iwiri, si wanga. Ana mitima yawo imathamanga. Pitani kuchipatala akakuuzeni bwino." Koma kumuyeza sanamuyeze. Ine ndikudziwa kuti dokotala akamakana kugwira chinthu, ndiye kuti waona zimene sakufuna kunena.

Ndikutembenuka, Sungeni anali ataima kumbuyo kwa galu uja. Sanakuwe. Anangoti, "Ndiye mphepo yake ndi imeneyi?" Ananditenga mwana n'kumubereka, anayenda wapansi mpaka pamsewu, anakwera minibasi, n'kutsikira pa Chirimba. Ine tsiku lililonse ndimadutsa pomwepo popita kuntchito, matewera a mwana wanga ndikuwaona pa chingwe. Nditayesa kulowa, apongozi anaona chomvera mtima chikusuzumira m'thumba la ovolosi, anangoti, "Bambo, mwasochera. Kuno kulibe kavalo."

Musaganize kuti Sungeni ndi mkazi wovuta. Ndi wolimba ngati chitsulo. Amadzuka kusanache kukazinga mandasi, amakagulitsa pasiteji mwana ali kumsana, madzi akasiya pampopi amakatunga kutsetse, amachapa, amaphika, kuyamwitsa osaleka. Masiku apitawa ankawodzera ali chiimire, tsiku lina anathira mchere mu tiyi. Koma sadandaula, ndiye za iyeyo ndilibe nkhawa.

Chandithetsa nzeru ndi ichi. Mwezi wamawa Chiperoni akupita ku Namibia ku mpikisano wa maiko ambiri. Ndi ulendo wautali pa lole, ndipo Chiperoni madzi achilendo samwa pokhapokha ine nditamuimbira mluzu. Hatchi yosamwa pa mpikisano wotero ikhoza kufa. Abwana anena poyera kuti, "Iwe ukatsala, hatchinso itsala. Sindingaipweteke chifukwa cha chikho." Amna wakhala akukonzekera chaka chonse. Pasipoti yanga yatuluka. Koma ndikwera bwanji lole mwana wanga ali kwa apongozi, kumene kulibe amene akumuyeza?

Ndithandizeni, Aphungu. Ndichite chiyani kuti mwana wanga abwere kunyumba lole isananyamuke? Ndipo mtimawo ndiutsitse bwanji, poti madzi akanika?

M.N.,
Soche, Blantyre.

*

A M.N.,

Dzina lanu mwabisa bwino, koma mwatchula la mkazi, la mwana, la abwana, la dokotala ndi la hatchi. Pofika mawa, makondakitala a ku Chileka adzakhala akukupatsani mpando wakutsogolo.

Tiyambe ndi chimene chikukusowetsani mtendere. Mtima wa Miriam musautsitse. Khanda la msinkhu wake mtima umagunda pakati pa 100 ndi 160 pa mphindi, ndipo likamalira umakwererapo. Cholengedwa chikachepa thupi, mtima wake umathamanga. Hatchi ndi chinyama chachikulu, mtima wake ndi waukulu, umapopa kamodzi n'kupumira. Wa Miriam ndi wochepa ngati kachibakera kake, ndiye uyenera kufulumira. Kagwireni nkhuku muimvere, mudzaitana ambulansi. Tsiku limene mukanapeza 64 pa mwanayo, ndilo likanakhala tsiku lothamanga ndi nsapato imodzi. Mayi Gertrude sanakubisireni kanthu. Anakuuzani zoona, kungoti ankaziuza ali pa udzu misozi ya phwete ili mbwembwembwe.

Siponji ija isadzakhudzenso mwana. Khanda limazizidwa msanga, ndipo ndi mphepo ya pansi pa phiri la Soche mukanamuitanira matenda amene analibe. Kutsina ndi kudina nkhama nakonso kuthe. Chomvera mtima chizigona kukhola. Ngati mtima wanu sukukhazikikabe, pitani kuchipatala pamodzi ndi amake, mupemphe mwaulemu kuti adokotala amumvere mwana inu muli pomwepo, akufotokozereni. Kufunsa si mlandu. Anamwino ajanso sanakupeputseni: kuyamwa, kuseka ndi kukwera sikelo ndiyo nkhama ndi ziboda za khanda. Zimene muyenera kuyang'anira inu n'zosafuna wotchi. Akatentha thupi, akakana bere, akamapuma mobanika nthiti zikulowa m'kati, akafooka kapena milomo ikasintha mtundu, thamangirani kuchipatala cha anthu nthawi yomweyo.

Tsopano khalani pansi, chifukwa nkhani yeniyeni si imene mwafunsa.

Inu ndinu munthu wachifundo. Abambo ambiri sadziwa kumene kuli benchi ya kusikelo. Abwana anunso ndawalemekeza, kulolera kutaya chikho kusiyana n'kupweteka chiweto. Koma werenganinso kalata yanu. M'nyumba mwanu muli mmodzi amene akuthamanga mtunda wautali, ndipo si Miriam. Miriam ndi wokwera. Amene akudzuka kusanache, kukwera chitunda ndi ndowa, kuwodzera ali chiimire ndi kuthira mchere mu tiyi, mwamulemba mizere inayi n'kutsekera kuti mulibe naye nkhawa chifukwa sadandaula. Inu nomwe mwatiphunzitsa chimene chimachitikira wosadziwa kukana. Chiperoni atayamba kuwodzera pa ndowa, mungamukwezenso chishalo? Kwa Sungeni womukanira anali ndani? Anachita kudzichotsa yekha mu mpikisano, ndipo anachita bwino.

Musandimve molakwa. Sindikuti mukamudine nkhama, kapena kumuthamangitsa mpaka pampopi kuti muone ngati akutsimphina. Ndikukudziwani tsopano.

Chachiwiri, mayiyu sanachoke chifukwa cha siponji. Siponji anaipirira. Anachoka chifukwa analukitsa tsitsi. Munthu amene wakhala miyezi inayi akununkha mafuta a mandasi anamva kuti mwamuna wake akufuna kumutulutsako, anavala chitenje cha zikondwerero, n'kukapezeka kuti iyeyo anali galimoto yonyamulira wodwala. Zinachitika pamaso pa anzanu akuntchito ndi galu. Chopepesa chanu n'chimenechi, ndipo pochipepesa nambala isatuluke pakamwa panu ngakhale imodzi.

Pitani kwa ankhoswe anu sabata ino, muwauze zonse osachotsapo ndowa yachiwiri. Adzaseka, asiyeni aseke. Iwo ndi amene akagogode ku Chirimba, inu muli pambuyo, mutasamba, mutavala malaya a kutchalitchi, m'matumba mulibe kanthu ka kukhola. Musakalonjeze kuti mwasintha. Kanenani ntchito zimene mukutenga: kutunga madzi kukhale kwanu, poti ndowa mumazidziwa kale. Matewera a Lamulungu akhale anu. Mukaweruka, nyamulani mwana muzungulire naye nyumba monga munachitira, koma wouma, amake agone.

Za ku Namibia, musamuuze Sungeni ngati chinthu chotha kale. Mufunseni. Akalola, konzani kuti inu kulibe adzakhale ndi womuthandiza, kaya mng'ono wake, kaya akhale kaye kwa amayi ake komweko, koma akhale kumeneko ngati mkazi amene mwamuna wake ali paulendo, osati ngati wothawa. Mandasi akhoza kupuma masabata amenewo. Ndipo kuyambira mawa yambani kuphunzitsa Amna mluzu uja, aziimba iye, inu mutaima pambali, mpaka Chiperoni atazolowera. Hatchi imene imamwa kwa munthu mmodzi yekha ili pangozi kale, ingodikira tsiku limene mudzagwidwe malungo. Mukatero, Sungeni atati ayi, ulendo wa anthu ena sudzafera pa inu, ndipo ayi wakeyo mudzamulandira osakwinya nkhope.

Chenjezo langa ndi limodzi. Apongozi anu ndi munthu wa mawu ochepa, ndipo mayeso awo adzakhala achidule kuposa a vetenale. Mukakhala pamphasa, moni atatha, adzakufunsani kuti mwadzera ndani. Mwana adzakhala pomwepo, akukusekererani, manja anu akuyabwa. Musayambe ndi dzina la Miriam.

Aphungu.