Yisiti wa M'kalata ya Thumbiko

Nkhata Bay
19 Febuluwale 2007

Wokondedwa Thumbiko,

Ndikhulupirira uli bwino kusukulu kwako kutsidya kwa nyanjako. Kuno mvula ndi udzudzu sizikutipatsa mpata. Mandasi ndikugulitsabe pamsika, ngakhale miyendo yayamba kukana.

Kalata yako inafika. Unalemba kuti akukuphunzitsani kulowetsa malangizo atsopano m'kati mwa yisiti, kuti m'malo mofufumitsa ufa azipanga mankhwala a malungo. Bambo ako aang'ono, a Harvey, anaiwerengera anzawo onse onyamula katundu kudoko, mpaka pepala linang'ambika mopindamo.

Mwezi watha thupi lawo linatentha. Nditati tipite kuchipatala, anati, "Mwana wathu wanena kale, mankhwala ali m'nyumba mom'muno." Anatapa yisiti wanga wa mandasi, n'kumasungunula m'madzi ofunda, kumwa m'mawa ndi madzulo. Ndinalankhula mpaka kutopa, koma iwe ukuwadziwa. Tsiku lachinayi anzawo aja ndiwo anachita kuwanyamula kupita nawo kuchipatala. Adokotala nditawaonetsa kalatayo, anati yisiti wanuyo ndi wina, wochita kusinthidwa, ndipo mankhwala ake sanayambe n'komwe kuperekedwa kwa odwala.

Sindikukuimba mlandu, mwana wanga, iwe unalemba zoona. Limbikira ndithu ntchitoyo, mwina ena adzapulumukirapo. Achibale a ku Chintheche amene anabwera kumaliro abwerera dzulo, nyumba yangoti zii.

Ukamayankha, pa envelopu ulembe dzina langa lokha.

Ndine mayi ako aang'ono,
Keziah